Chuku cha pa Mchewere Si Jakisoni

Agogo,

Ndine mphunzitsi wopuma, ndipo sindikhulupirira chinthu ndisanachiwerenge. Mpongozi wanga Sikina atachira mwana woyamba, magazi anakana kuleka. Ndinawerenga nsalu zimene zinanyowa, zinakwana zinayi. Namwino anamubaya jakisoni mmodzi yekha, wotchedwa egometirini, ndipo yachisanu inakhala youma m'manja mwangamu. Mpaka lero mankhwala amenewo ndimawagwadira.

Mwana wanga Lyford, mwamuna wa Sikina, amanyamula katundu pa bwalo la ndege ku Chileka. Anamva kwa dokotala wina wapaulendo kuti mankhwalawo amachokera ku chuku chakuda chomera pa ngala za mbewu ya ku Ulaya. Anabwera akuseka, amvekere, “Amayi, mulungu wanu uja ndi chuku! Ndiponso ndi m'bale wake wa mankhwala ozunguza bongo otchedwa LSD, amene amapengetsa azungu a tsitsi lalitali aja timawameta pa bwalo potsatira lamulo la boma.”

Sikina ndi woyembekezeranso, ndipo mvula ikagwa msewu wathu suyendeka. Pa mchewere wathu pali chuku chakuda. Kodi ndichiviike, azimwa tsiku likayandikira?

E.K., Lirangwe

Mayi E.K.,

Kugwada kwanu nkoyenera. Jakisoni ameneyo amafinya chiberekero, mitsempha yotaya magazi nkutsekeka, ndipo wabweza amayi ambiri pa khomo la manda. Lyford sananame. Akatswiri anapeza kuti mu chukucho muli tsinde limodzi la mankhwala. Akalumikizako kanthu kena, limagwira chiberekero. Akalumikizako kena, kadontho kosaoneka ndi maso kamasokoneza ubongo, munthu nkumaona zinthu zomwe palibe. Nzodabwitsa ndithu.

Koma musaviike. Chuku cha pa mchewere ndi chachibale chabe, si chomwecho, ndipo chimasanzitsa ndi kuchititsa chizungulire. Ngakhale egometirini weniweniyo saperekedwa mwana asanabadwe. Amafinya osapumira: mwana amabanika, chiberekero chimatha kung'ambika. Azamba akwathu amene amamwetsa mwanamphepo aonapo zoterezi.

Ngala zakudazo zithyoleni, muzitenthe. Mwezi wake ukayamba, Sikina akadikirire kuchipatala mvula isanatseke msewu. Mukawauze anamwino za magazi aja pa sikelo yotsatira, ayezenso kuthamanga kwa magazi, poti mankhwalawa sayanjana ndi aliyense. Lyford asiye kuseka, apemphe tchuthi, akhale pafupi mwina nkufunika wopereka magazi.

Namwino uja anadziwa mlingo umene anali nawo mu jakisoni. Inu wokonda kuwerenga, mu chikho chanucho mukawerenga chiyani?

Agogo