Amalume akonza buku langa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Cairo kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Njakwa tilipo, mwendo wa amama wasiya kutupa. Wodwala ndine, ndipo matenda anga ndi amalume anu a Gondwe.

Buku langa la amalonda akale a ku Omani, lija mnzanu analimasulira m'Chiarabu, linafika Lachiwiri. Yewo chomene. Ndinalilemba zaka zisanu ndi chimodzi, koma ndaligwira tsiku limodzi lokha. Ndili kusukulu, amalume analipeza patebulo n'kuona kuti chikuto chili kumbuyo, osadziwa kuti buku la Chiarabu limayambira kumene athu amathera. Paja ndiwo amasoka mabuku a nyimbo kutchalitchi. Anapita nalo kwawo, anamatula chikuto n'kuchimata mbali imene iwo akuti ndi yoyenera. Masamba awiri amene ankati ndi omaliza anang'ambika, ndipo anawataya. Amenewo ndiwo oyamba, achimwene, ndipo mpokhapo pamene dzina langa linalembedwa m'zilembo zathu.

Nditawafunsa anati, "Mwana wanga, anthu aja anasindikiza mothamanga. Usawakwiyire."

Ine ndi digiri yanga yonse ndinangotenga buku langa n'kubwerera kunyumba. Ndinali nditalonjeza kale kuti Loweruka ndikaonetsa bukuli kwa aphunzitsi anzanga, omwe amati za Chiarabuzi ndi bodza langa. Tsopano ndikaloze pati kuti ndi langa?

Chonde tumizani lina msanga, pa adiresi ya kusukulu, osati kunyumba. Amalume akupereka moni. Akuti ngati alipo ena olakwika mutumize onse, guluu akadalipo.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Tiwonge