Mzere Woyera Pamlatho

12 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani abale atakuzungulirani, poti maliro n'kulirana. Ine m'thupi ndili bwino, koma mumtima ayi.

Akuluakulu akuuzani kuti alamu anafera pa ntchito. Sananame, koma sanakuuzeni kuti ine ndinalipo.

Mukudziwa kuti chitulukireni dziko lathu mumgwirizano uja, pakati pa mlatho anajambulapo mzere woyera. Asilikali a tsidya lino ndi a tsidya ilo timalonderabe limodzi, timapatsana mayina a mbava, ngakhale fodya timagawana. Koma kuwoloka mzerewo ndi mfuti, kapena kuwombera tsidya linalo, n'koletsedwa mpaka maofesi onse awiri avomere pa foni. Alamu ankakonda kundiseka kuti, "Mlamu, chala chako chalowa m'dziko langa, onetsa pasipoti!"

Lachiwiri masana lole ya matabwa inaima mbali yawo. Alamu atakweza tenti ya loleyo, munatuluka anthu asanu ndi zikwanje. Mnzawo uja timamutcha Kadzidzi anamutema pakhosi asanagwire n'komwe mfuti. Alamu anathamangira kwa ine, wina n'kuwatema mwendo, ndipo anagwa patatsala mapazi khumi kuti afike pamzere.

"Mlamu, ombera!" anakuwa.

Sajeni wanga anandigwira lamba. "Iwe, ukawombera uko wayambitsa nkhondo. Dikira, ndikuimba foni."

Anaimbadi. Kwathu anati bwana ali kumsonkhano. Tsidya ilo foni inangolira. Ine ndinangoti kakasi, ndikuona chikwanje chikukwera n'kutsika, alamu atatchinga kumaso ndi manja mpaka zala kugwera pansi. Achemwali, mfuti inali m'manja mwanga, yodzaza zipolopolo. Ndinaopa ndende, ndinaopa kuchotsedwa ntchito. Ndafunafuna chifukwa china chokuuzani, palibe.

Pamene ndinkataya mfutiyo pansi n'kuwoloka chimanjamanja, lole inali itapita. Ndinawanyamula, magazi akuyenderera m'malaya mwanga mpaka m'nsapato. Ndinkayembekeza kuti anditukwana. Iwo anangofunsa ngati kamwana kanu komaliza kayamba kuyenda.

Dzulo pa perete bwana anandiyamikira kuti ndinasunga pangano la mayiko awiri. Anzanga anawomba m'manja. Ine ndinapita kuseri kwa ofesi n'kusanza.

Thupi liwoloka kubwera tsidya lino Lachisanu mapepala akatha. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha: mundilole ndinyamule nawo bokosi. Mukakana sindidandaula, ndidzaima patali ngati mlendo. Amayi musawauze kaye zoti ine ndinalipo, mtima wawo uja mukuudziwa. Ndidzawagwadira ndekha.

Moni kwa ana onse atatu. Ngati pakamwa panu pakana kunena kuti moniwu ndi wa amalume awo, mungowauza kuti wachokera kwa munthu wina wa kuntchito kwa bambo awo.

Ine mlongo wanu,
Msilikali wa pamlatho