Kabotolo kolembedwa ziro

Lolemba, 3 Malichi

Ziro wawalanso. Kachitatu tsopano.

Ndilembe bwinobwino, mwina mutu ukhala m'malo. Pa kagalasi kathu timamatapo tizidutswa ta golide, tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Tikadonthezapo magazi timawombapo kuwala kwa makina otchedwa leza. Ngati m'magazimo muli chizindikiro cha khansa ya chiwindi, golideyo amabweza kuwala kobiriwira ngati msipu. Magazi a odwala amawala, ndiyo ntchito yake. Koma kabotolo kolembedwa ziro ndi ka munthu wabwinobwino, kongoyerekezera. Kamayenera kukhala zii.

Pulofesa akuti ndi litsiro. Pa kompyuta sanayang'anepo n'komwe.

Lachiwiri, 4 Malichi

Mlandu wagwera Anti otsuka magalasi. Zaka 19 ali pa sinki yomweija, lero akalipiridwa ngati mwana, ife ophunzira tikuona. Pulofesa akuti chala chimodzi chamafuta chikuwononga ntchito ya zaka zisanu.

Anti anangovula magolovesi, amvekere: “Bwana, kaya ndi leza wanu wa m'chipinda chamdima, kaya ndi Leza wakumwamba, onse akuwadziwa manja angawa.”

Ndikanaseka, koma si nkhani yoseketsa. Ziro akawalanso Lachisanu, kalata yowachotsa ntchito ikupita ku ofesi. Anti akulera zidzukulu zitatu.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndatsuka ndekha magalasi khumi ndi asidi, mpaka m'mphuno kuwawa. Osauza munthu.

Madzi okha: zii.
Magazi anga, ndadzibaya chala: zii.
Ziro: ngwee! Kuposa wodwala nambala 14, uja tinamva kuti anatisiya mu Januwale.

Ndiye si Anti.

Ndinathamangira ku ofesi ya Pulofesa. Sanandilole n'kumaliza komwe. “Mwayamba liti kundiphunzitsa ntchito, mayi?” Chitseko n'kunditsekera pamphuno. Munthu ameneyu ndamukwiyira zedi, ndipo ndikumuopa. Digiri yanga ili m'manja mwake.

Lachinayi, 6 Malichi

Kodi ziro ndi ndani? Wodwala aliyense ali ndi fomu yakuchipatala. Ziro alibe. Pulofesa amabwera nako okha kabotoloko, m'thumba la jekete.

Ndawafunsa Anti pa nthawi yopuma. Anayamba ayang'ana kukhomo.

“Mwanangu, inu mumawerenga makompyuta, anthu simuwawerenga. Bwana aja, malaya a manja aatali kutentha konseku? Thonje la magazi ndimalipeza m'bini ya mu ofesi mwawo Lolemba lililonse.”

Ndiye kuti ziro ndi magazi a Pulofesa eni ake. Lamba wawo uja anaboola bowo latsopano, kuonda. Maso awo achikasu aja ine ndimati n'kutopa.

Ndinati nanga bwanji simunanene, ntchito yanu ikutha chonchi? Akuti, “Ndikanena ine, aziti ndikudziteteza. Munthu uja si wankhanza, ali ndi mantha.”

Tiyi wanga anazizira m'kapu. Mawa ndiyambira pati?

Lachisanu, 7 Malichi

Pulofesa anafika ndi envulopu ya kalata yochotsa Anti ntchito m'manja. Ndinawapempha alowe kaye m'chipinda chamdima, mphindi zisanu zokha. Analowa, ndinawapatsa magalasi oteteza maso.

Madzi. Magazi anga. Kenako ziro. Pa kompyuta mzere wobiriwira unakwera mpaka pamwamba.

Ndinati, “Magalasi awa ndatsuka ndine, Pulofesa. Makina anu akugwira ntchito, zaka zisanu zija sizinapite pachabe. Koma mwiniwake wa ziro apite kuchipatala lero.”

Anayang'ana pa kompyuta.

“Bwerezani.”

Ndinabwereza. Chimodzimodzi.

“Kuposa nambala 14?”

Ndinati eya. Kunama ndinalephera.

Anakhala pa kampando kanga kaja kogwedera, nthawi yaitali, dzanja lili pa mkono pomwe pali pulasitala. Kenako anapinda envulopu ija pawiri n'kuiponya m'bini ya magolovesi. Makiyi a labu anandipatsa ine, osandiyang'ana.

Potuluka anaima pa sinki. Anti anali atatipatsa msana, akutsukuluza mabotolo.

“Mayi, Lolemba mubwere monga mwa masiku onse.”

Anti anatseka mpopi, koma sanacheuke.

“Inunso mubwere, bwana.”