Ulusi Wofiira wa pa Makina Oyezera

KOMITI YA LABOTALE
Tsiku: Lachinayi, 14 Malichi
Malo: Chipinda chomwera tiyi
Opezeka: Wapampando, Mlembi, Katswiri wa makina, Mphunzitsi woyang'anira kafukufuku
Osapezeka: Wophunzira, mwini sampulo (mankhwala amene ankayezedwa). Sanatumize chipepeso.

1. Kutsegulira
Wapampando anatsegulira msonkhano 9 koloko m'mawa.

2. Kuwonongeka kwa sampulo
Katswiri anakumbutsa mamembala kuti makina athu sayeza kulemera kwa molekyu (kachinthu kakang'ono kwambiri kopanga mankhwala) isanapatsidwe mphamvu ya magetsi, ndipo njira zake ndi ziwiri. Njira yowomba imamenya molekyu ndi maelekitironi mpaka kuiphwanya. Njira yofatsa imadzera mu gasi, ndipo molekyu imatuluka yathunthu. Anati kwa zaka khumi ndi zinayi wakhala akumanga ulusi wofiira pa chitseko cha makina akaikamo chida chowombera, n'kuumasula akabwezeramo chofatsa. Palibe wa m'labotale muno amene sadziwa zimenezi.

Mphunzitsi anati wophunzira wawo anatha zaka ziwiri akusefa mankhwala a m'maluwa ena ophuka kamodzi pa chaka, ndipo anapeza kadontho kokwana kuyeza kamodzi kokha. Lolemba sanaone ulusi, choncho anakathira konse. Makina anatulutsa zidutswa zokhazokha, ndipo kulemera kwa molekyu yathunthu kumene ankafuna sikunaoneke. Buku la kafukufuku wake likufunika mwezi wamawa, koma maluwawo adzaphuka mu Okutobala.

Wapampando anati wophunzirayo akanayang'ana pa kompyuta. Katswiri anayankha kuti: "Bwana, kompyuta imakuuzani zomwe mwasankha, osati chida chomwe chili m'kati. Ulusi uja sunanamizepo munthu."

3. Kumene ulusi unapita
Mphunzitsi anapempha kuti ziwerengedwe zolembedwa za msonkhano wathawu. Mlembi anawerenga kuti Wapampando analamula kuti zingwe, timapepala ndi "zonyansa zonse" zichotsedwe pa makina chifukwa kukubwera alendo. Katswiri anali pa tchuthi tsikulo, ndipo tonse otsala tinavomereza. Alendowo anakhala m'labotale mphindi zisanu, makinawo osawayang'ana n'komwe.

Wapampando anati madzi akatayika saoleka. Mphunzitsi anati mwambi umenewo umakoma pamene madziwo ali a mnzako. Kenako Wapampando anati: "Ndinalakwa. Ndinkangofuna tioneke aukhondo." Anapempha kuti amene anadula ulusiwo asatchulidwe m'zolembedwa zino.

Zomwe tinagwirizana: ulusi ubwezeretsedwe lero, ndipo Wapampando alembere akuluakulu kupempha kuti wophunzirayo amuwonjezere chaka. Mphunzitsi anati akukayika ngati mwiniwake angafunenso.

4. Zina ndi zina
Mphunzitsi anaika pa tebulo kiyi wa labotale amene wophunzirayo anamusiya kunsi kwa chitseko cha ofesi yawo dzulo.

Mlembi sakwanitsa kutsatira pempho la Wapampando. Ulusiwo ndinadula ndine, ndi sizasi ya mu ofesi. Lolemba m'mawa wophunzira uja anandipeza pakhonde n'kundifunsa kuti: "Bambo mlembi, ulusi palibe, ndiye kuti muli chofatsa eti?" Ndinali pa changu, mafayilo ali m'manja, za sizasi nditaiwala. Ndinangoti eya. Anandithokoza. Zimenezi zikundipweteka mtima, ndipo ndaona kuti n'koyenera zilembedwe.

5. Msonkhano wotsatira
Lachinayi, 11 Epulo, malo omwewo.

6. Kutseka
Msonkhano unatha 10:20 m'mawa. Potuluka palibe amene anatenga kiyi uja.

Wapampando: ______________

Mlembi: ______________