Andichotsa pa gulu la mudzi

Lachinayi madzulo. Ndatopa, ndipo si ntchito yokha imene yanditopetsa.

Pochokera kothyola tiyi ndinakumana ndi mlamu wanga Esinati pa Chinakanaka. Moni sanandipatse. Anangoti, "Alamu, mpaka osabwera kumaliro a mayi Nachisale?" Mayi amene anandilerera ana anaikidwa dzulo, ine osadziwa kanthu.

Akuti uthenga anaulemba pa gulu la pa foni la mudzi wathu. Nditayang'ana ndinapeza kuti ine mulibemo. Anandichotsa a Makwinja, amene amayendetsa gululo, sabata ija ndinavala nsalu ya chipani china. Chonsecho nsaluyo ndinangolandira poti yanga inali itang'ambika.

Kale uthenga wa maliro unkayenda khomo ndi khomo, ndipo wobweretsa sankafunsa kuti mumavotera ndani. Tinazisiya tokha, ati foni ndi yachangu.

Ndawaimbira a Makwinja. Akuti, "Mwina ndi netiweki, mayi." Netiweki inayamba liti kudziwa mtundu wa nsalu?

Mawa ndipita kukapepesa kwa anamfedwa. Koma chikundisautsa n'china. Amayi anga ondibereka akudwalika chonchi, tsiku lawo likadzakwana ndidzauza ndani, nanga adzabwere ndani...