Thambo Tasiyira Inu, Achimwene

Kasakula,
Ntchisi.

Okondedwa achimwene a Kalisto,

Choyamba ndikufuna kumva za moyo wanu kumeneko ku Debeni, pamodzi ndi alamu anga a Margareta ndi mwana wathu Promise. Ngati nonse muli bwino, Mulungu alemekezeke. Kuno tilipo. Amayi miyendo ija yayamba kuwamvera, moti Lamulungu lapitali anayenda okha mpaka kutchalitchi osapumira panjira. Abambo mphamvu ali nazo, kungoti maso ayamba kuchita nkhungu. Mvula yagwa bwino chaka chino. Msewu wa ku boma wasanduka phala, koma m'minda mukusangalatsa.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni muli nayo. Nkhani iyi sindikufuna muiwerenge mothamanga, muli pa makwerero ndi ndowa ya penti m'manja. A Dominiko, a kwathu aja amene amagwira ntchito ku Debeni komweko, akubwerera kumeneko, ndiye ndiwapatsira. Mupeze pokhala, muwerenge mpaka kumapeto.

Mukudziwa kuti ndimaphunzitsa makompyuta kuparishi. Makompyuta athuwa ndi akale, eni ake anatipatsa atatopa nawo, ndipo amayendera mapulogalamu aulere. Mapulogalamuwa amawapanga ndi anthu odzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo aliyense amaloledwa kuwatenga, kuwakonza ndi kugawirako anzake. Kuno ku Malawi kuli gulu limene limawamasulira m'Chichewa kuti ana a sukulu azimva. Ine ndinalowamo chaka chatha.

Chaka chino gululo linati tatopa kuona mapiri oyera a kwa eni pa makompyuta athu. Chithunzi chija chimakhala pa sikirini munthu akangoyatsa kompyuta, chimene anzanga amati wolopepa, chikhale cha kwathu konkuno. Anafunsa amene angadzipereke kuchipanga. Ine ndinakweza dzanja. Wina ndi Vanessa wa ku Blantyre, amene ntchito yake ndi kukonza zikuto za mabuku. Winanso ndi Alexio, mnyamata wa ku koleji ku Mzuzu. Atatufe sitinaonanepo maso ndi maso, timangokumana pa intaneti.

Chithunzi chotere sichijambulidwa ngati cha papepala. Chimakhala ndi magawo osanjikizana, ngati zitenje zoyalidwa china pamwamba pa chinzake. Phiri lili pa gawo lake, munda pa gawo lake, thambo pa gawo lake. Aliyense amagwira mbali yake n'kuika pamalo amodzi pamene tonse timafikapo. Ine ndinatenga phiri ndi munda, Vanessa mitundu, Alexio kusalaza ndi kuyeza kuti chikwane pa sikirini yaikulu ndi yaing'ono yomwe.

Achimwene, ine ndinajambula kuesiteti kuja kwa Bowe. Phiri lija linali kuseri kwa nyumba za matenanti, mizere ya fodya, ndi chigafa chathu chili pakati, masamba atalendewera. Ndinachijambula kuchokera m'mutu, ndipo chinatuluka ndithu. Ngakhale nsanamira yokhota ija munkakolekapo malaya ndinaiikamo. Mumtima ndinkati ana a dziko lonse aone pamene bambo anga anathera mphamvu zawo.

Pa msonkhano wathu wa pa intaneti ambiri anachiyamikira. Koma Vanessa anati iye sakugwirizana ndi chigafacho. Anati chithunzichi chikupita m'makalasi, ndipo ana ena amene adzachione m'mawa uliwonse ndi omwewo amene amajombetsedwa sukulu kuti akasoke fodya. Anafunsa ngati n'chanzeru kuwaikira chigafa pamaso, chitakongoletsedwa ndi mitundu.

Magazi anandiwira. Ndinamuuza kuti mwana amene akumunenayo ndine, kuti zala zanga zinada ndi utomoni wa fodya ndisanadziwe kulemba dzina langa, ndipo asandiphunzitse za chigafa ali pa mpando wofewa mu mzinda. Alexio anayesa kuziziritsa zinthu. Anati iye vuto lake ndi lina, chigafacho chakhala pamene pamakhala tizizindikiro totsegulira mapulogalamu, ndiye mayina ake sakuwerengeka bwino. Palibe anamumvera.

M'mawa mwake ndinapeza kuti Vanessa watenga chithunzi changa, wachotsa gawo la chigafa, n'kuika chakecho pambali pa changa kuti gulu lifananize. Sanalakwe lamulo lililonse. Tinagwirizana poyamba pomwe kuti chimene taika pagulu aliyense angathe kuchisintha, bola atchule amene anayambitsa, ndipo dzina langa analitchula. Koma kugwirizana ndi pakamwa n'kosavuta. Kuona munthu atagwetsa chigafa cha bambo ako osakufunsa kumawawa. Ndinatseka laputopu ndipo masiku angapo sindinawayankhe.

Loweruka ndinanyamula laputopuyo kupita nayo kwa abambo. Cholinga changa chinali chakuti anene okha kuti chigafa chikhale, ine ndiwajambule mawu, anthu aja akamve. Ndinawapeza pakhonde akusongola mpini. Ndinawaikira sikirini pafupi ndi maso.

Anayang'ana nthawi yaitali. Nsanamira yokhota ija anaizindikira, anaseka pang'ono n'kunena kuti anaidula okha kudambo. Nditawafotokozera za mkangano wathu, anandifunsa kuti ndani anandiuza kuti chigafacho n'chawo. Mawu awo anali akuti, "Ndinamanga ndine, koma si changa. Tsiku limene tinkachoka paja sitinazulepo ngakhale mtengo umodzi. Ngati ukufuna ana aone ine, jambula pamene ndimalima zanga."

Anasiya mpini uja, natenga ndodo, nati tiye. Tinakwera mpaka kumunda wathu wa kumtunda, umene inu simunauonepo chifukwa tinaupeza mutapita kale. Achimwene, munda umenewu ndimaudziwa, ndapaliramo kambirimbiri, koma tsiku limenelo ndinauona ngati koyamba. Mizere ya mtedza yazungulira phiri motsata akalozera, pakati pake pali mizere ya udzu wa vetiva imene abambo anabzala kuti nthaka isakokoloke. Mtedza wabiriwira, dothi lofiira likuonekera m'mipata. Kutsogolo kwake zitunda zikutsatana mpaka kuphiri la Ntchisi ndi nkhalango yake yakuda ija. Abambo anaima pamwamba, dzanja m'chiuno, akuloza malire ndi ndodo ngati pali amene akuwatsutsa.

Ndinajambula zithunzi zambiri ndi foni. Kuti ndipeze netiweki ndinachita kukwera pa chulu cha m'malire, abambo atandigwirira nsapato. Ndili pachulupo ndinalembera Vanessa ndi Alexio kuti tiyambirenso.

Vanessa anandiimbira foni tsiku lomwelo. Anati anafulumira, akanayamba wandifunsa asanakhudze chinthu chotere. Ine ndinati nanenso pakamwa panga panathamanga. Anandiuza kuti mayi ake anakulira pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndiye mpando wofewa ndinkaunena uja sanabadwire pamenepo. Tinaseka. Ndi iye yemweyo amene anapempha gulu kuti chithunzi cha chigafa chisatayidwe, chisungidwe pamodzi ndi zithunzi zina zimene munthu angasankhe yekha, ndipo pansi pake palembedwe mawu ofotokoza kuti matenanti ndi ndani. Mawuwo ndinalemba ine.

Kuyambira pamenepo ntchito yayenda ngati madzi. Ine ndinajambula mizere ndi zitunda. Vanessa analimbana ndi mtundu wa dothi, chifukwa loyamba linatuluka ngati la njerwa zootcha. Ndinamutumizira chithunzi cha dothi lenileni lili m'manja mwa amayi, mpaka analipeza. Alexio anakankhira phiri kudzanja lamanja kuti kumanzere kukhale kodekha, tizizindikiro tija tizioneka. Mayi wina wa ku Brazil, amene ali m'gulu lalikulu la mapulogalamuwa, anationetsa kachitidwe koti chithunzi chisalemere pa makompyuta okalamba ngati athu. Titachionetsa kugulu, anachisankha. Chidzatuluka ndi mapulogalamu atsopano Pasaka ikapita, ndipo chidzafika paliponse pamene mapulogalamu a Chichewawa akugwiritsidwa ntchito.

Ndikunena mosadzikweza, chithunzicho n'chabwino. Pansi ponse palibe chimene ndingasinthe. Chatsala ndi thambo.

Tonse atatu tayesa ndipo talephera. Mitambo yanga ikuoneka ngati thonje lomata. Thambo la Alexio ndi loyera mbee, lopanda nkhani. Vanessa anaika dzuwa likulowa, zinakongola, koma zinakhala ngati kalendala ya m'sitolo. Munda wa mtedza wa mwezi uno umafuna thambo la mvula, lija limadera mbali imodzi pamene mbali ina kuwala kukudutsa.

Ndinakawaonetsanso abambo. Munda anauvomereza, anawerenga ngakhale mizere ya vetiva n'kunena kuti sindinawabere. Atafika pa mitambo anapukusa mutu. Anati mvula ya kuno sibwera choncho. Kenako, akuyang'ana kumbali, anati, "Kalisto ndiye ankaidziwa mitambo. Anajambulapo ina ndi makala pakhoma, mayi ako anatsala pang'ono kukaanula zovala."

Achimwene, amayi anali pomwepo akusenda mawungu, ndipo mpeni unaima. Chichokereni inu, abambo sanatchulepo dzina lanu ine ndikumva. Akafuna kufunsa za inu amati "uja wa ku Joni". Tsiku limenelo analitchula lonse, mosakakamizidwa ndi munthu.

Sindinaiwale za khoma limenelo. Ndinali wamng'ono koma ndikukumbuka kapitawo akukalipa kuti mwadetsa nyumba ya bwana, abambo akukukwapulani pamaso pa anthu, kenako inu mukutsuka khomalo ndi chisanza. Ndikukumbukanso mawu awo akuti kujambula sikudyetsa munthu. Sindikukuuzani kuti zinali bwino, ndipo sindikunamizani kuti apepesa. Sanapepese. Mumawadziwa. Koma munthu amene ankaoneka ngati sanayang'ane n'komwe chimene munajambula wasunga mitambo ija m'mutu zaka zonsezi, pamene khomalo linagwa kalekale.

Pempho langa ndi ili. Tijambulireni thambo.

Musadandaule za kompyuta. Tengani pepala lalikulu loyera, jambulani ndi chimene dzanja lanu lachizolowera, kaya makala, kaya penti yotsala kuntchito. Mulijambule ndi foni panja, pamthunzi, kuti kuwala kusanyezimire, n'kunditumizira. Alexio adzaliyeretsa n'kuliika pa gawo lake. Pa foni yanu ndatumiza kale chithunzi chathu chopanda thambo kuti muone pamene zitunda zathera. Mvula ichokere kudzanja lamanja, kuphiri, kumanzere kukhale kowala. Tikulifuna Sabata Loyera lisanafike.

Ndikuuzeniretu zoona zake kuti musadzati ndinakubisirani. Malipiro palibe, tonse timagwira mongodzipereka. Dzina lanu lidzalembedwa pamodzi ndi athu, ndipo silidzachotsedwa. Koma mukapereka, mwapereka kwa onse. Tsiku lina munthu amene simumudziwa adzatenga mitambo yanu n'kuiika pamwamba pa phiri la kwawo, kapena kuisintha mtundu. Ine zinandiwawa poyamba, ndakuuzani kale. Pano ndikuona kuti chinthu chimene anthu ambiri achikopera palibe kapitawo angalamule kuti chitsukidwe.

Gulu ndaliuza kale kuti thambo likubwera, ndili ndi mchimwene wanga amene amadziwa ntchito imeneyi. Vanessa anafunsa kuti nanga akakana. Ndinamuyankha kuti akakana tidzaika dzuwa lake lija, dziko silidzatha, koma ine ndikumudziwa munthu amene ndikumunena. Ndaona zithunzi za zipupa zimene mumapenta kumeneko. Ngakhale pa khoma la garaja dzanja lanu silibisika.

Abambo ndawauza kuti ndikukulemberani. Anangoti ndiwe ukudziwa, n'kulowa m'nyumba. Koma lero m'mawa abwera okha mpaka kuparishi, matope ali m'maondo, ati amadutsa chabe. Afunsa ngati a Dominiko ananyamuka kale. Nditati ayi, ati ndikuuzeni kuti mvula ya kuno imayamba ndi mphepo, ndiye mitambo isaime chilili, iweramire kumunda. Uthenga ndi umenewo, ndaupereka monga anaunenera. Mukafuna kufunsa zambiri za mphepoyo, foni ya amayi imakhala m'thumba la abambo masana onse.

Amayi akuti musamaiwale kudya musanapite kuntchito, ndipo akufuna chithunzi cha Promise atavala yunifolomu. Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti chitenje ananditumizira chija ndikuchisamala. Moni kwa Promise, mumuuze kuti azakhali ake akumusungira mtedza wa chaka chino. Moninso kwa onse a kwathu amene mumasonkhana nawo kumeneko.

Ambuye akusungeni pa makwerero ndi panjira, adalitse manja anu ndi nyumba yanu. Ine ndikudikira.

Ndine mlongo wanu,
Rozina