Sukulu ya Miyendo

Kaporo,
P.O. Karonga.
15 Malichi, 1979.

Okondedwa mwana wanga Manase,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi banja lanu ku Lilongweko. Kuno mayi anu ali bwino, kupatula mawondo aja. Sindinaiponye ku positi. Ndapatsira a Keziya, anamwino athu, amene akukakwera sitima ku Chilumba. Muiwerenge chikhalire, ndipo mufike nayo kumapeto musanaganize chochita.

Mvula ya zaka zino siifanana ndi imene ndinakula nayo. Nyanja yafika pabwalo pamene tinkasewera mpira tili anyamata, ndipo sikuonetsa zobwerera. Mukukumbukira kuti madzi a chaka chatha anasungunula makalasi awiri a pasukulu yathu, ndi kuti pa Khirisimasi ine, monga mlembi wa komiti ya sukulu, ndinakupemphani kuti mutijambulire pulani, popeza imeneyo ndiyo ntchito yanu. Munajambula pakhonde pano: nyumba yokhala pa nsanamira za njerwa zootcha zofika m'chiuno, kuti madzi azidutsa pansi, denga lotulukira kunja ndithu, kuti mvula isamenye zipupa, mawindo oyang'anana, kuti mphepo ya kunyanja iziziziritsa ana, ndi mzere wa nsungwi kumtunda, wofooketsa liwiro la madzi. Ndinainyadira kwambiri, ngakhale kuti sindinakuuzeni.

Ndinaionetsa pamsonkhano wa makolo. Poyamba anthu anaikonda, amayi makamaka. Kenaka anaimirira a Kenan, apampando a nthambi ya Chipani, amene ndinawaphunzitsa ine mwini kugwira pensulo.

"Aphunzitsi," anatero, "kodi ana athuwa asanduka mpunga, kuti tiziwasunga m'nkhokwe?"

Anthu anaseka, ndipo nanenso ndinamwetulira. Ndinayankha kuti mpunga timaukweza chifukwa timaukonda. Anthu anasekanso, koma tsopano anali kuseka iwo, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha.

"Nyumba za miyendo ine ndinaziona kutsidya kwa Songwe," anatero pang'onopang'ono. "Nzeru zimenezi zaoloka ndi yani? Ndipo munthu amene akunena kuti madzi adzabweranso, ndiye kuti akuti Boma lathu silingathe kutisamala?"

Inu mukudziwa tanthauzo la kutchulidwa pamodzi ndi kutsidya kwa Songwe, kunja kwa malire a dziko lino, masiku ano. Amene ndinakhala nawo pabenchi anasendera kumapeto, ngati kuti ndili ndi nthomba.

Maziko akukumbidwa tsopano, apansi, pamalo omwe aja. M'mawa uliwonse timapeza ngalande zadzaza madzi, achule ali mbwee. Timakapa ndi mbale ndi zidebe, ndipo palibe amene amatchula chimene tikukapacho. Ine ndikayang'ana ana a Sitandade 1 akututa mchenga wa nyumba imeneyo, ndimakumbukira makalasi awiri aja.

Lachiwiri kunabwera wapolisi wovala zawamba, munthu wa kummwera, waulemu kwambiri. Anakana mpando, anakhala pa mtondo wa mayi anu.

"Bambo Mwafongo, pulani yabwino chonchi mwajambula ndinu?"

Ndinati inde.

"Paja muli ndi mwana ku Lilongwe wa zojambulajambula?"

Ndinati ndili naye, koma kuti ameneyo ndi wa nyumba zosanja za mumzinda, za kumudzi kuno alibe nazo ntchito. Ndinati kujambula ndinakuphunzira ku misheni iye asanabadwe. Manase, ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndinanena zimenezi Baibulo lili pathebulo. Sindikupempha kuti mundiyamikire kapena mundidzudzule. Ndikungokudziwitsani zimene zalembedwa m'buku lawo, kuti mawu anu asadzasiyane ndi anga.

Anatulutsa pepala ndi pensulo. "Tajambulaninso pang'ono, tione nawo luso la kale."

Ndinajambula nsanamira, denga ndi mawindo. Iye anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anaseka.

"Agogo, makwerero ali kuti? Anawa azichita kuuluka?"

Ndinati ukalamba. Anapinda pepalalo bwinobwino naliika m'thumba. Potsanzika anati ndikaonekere ku Boma Lolemba m'mawa, nawonjezera, akumwetulirabe, kuti ndisaiwale bulangete chifukwa nyengo ino njosadalirika.

Sindikubisirani, ndili ndi mantha. Galimoto ikamveka kumsewu ndimapeza ndaimirira osadziwa. Dzulo ndinapita kwa a Kenan kukawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti ngakhale akane nsanamira, akwezeko maziko ndi dothi. Anandilandirira pabwalo, osandilowetsa m'nyumba. "Aphunzitsi, nkhani ija inachoka m'manja mwanga," anatero, maso ali pansi. Ndinaona kuti nawonso akuopa, ndipo zimenezo zinandiopsa koposa.

Tsono mverani. Musabwere. Musalembe kalata ku ofesi ina iliyonse. Musauze mnzanu wa kuntchito, ngakhale amene mumadya naye. Ine ndine wokalamba, ndipo mwina akandifunsa mafunso nkundibweza tsiku lomwelo, zoterozo zimachitikanso. Koma inu ndinu wantchito wa Boma wochokera kumpoto kuno, ndipo dzina lanu likangolowa m'nkhaniyi silidzatulukamo. Ndikudziwa mtima wanu. Muli mwana munkadziulula ngakhale pa mlandu umene wina aliyense sanakufunseni, ndipo ndikudziwa kuti pofika pamzere uno mwayamba kale kufunsa za basi.

Nchifukwa chake ndichita chinthu chimene sindinachitepo. Mudabwa kuti ndalemba m'Chichewa osati m'Chinkhonde chathu. Ndatero kuti akazi anu amve okha, popanda womasulira. Apatseni pepalali.

Amake Violet, mpongozi wanga: mwambo wathu sulola kuti inu ndi ine tilankhulane kapena kuonana maso. Inu ndinu a ku Dedza, kwanu zoterezi nzachilendo, komabe chikwatiwire mwausunga mopanda chilema. Mukandimva ndikubwera mumafunda nsalu kumutu ndi kupatukira m'nthochi, ndipo mawu anu ndimangowamvera kuseri kwa chipupa mukamaimbira mwana. Lero ndikuuphwanya ndine, mkulu, ndipo mlandu wake ukhale pa ine. Ndikukupemphani, mayi: mugwireni mwamuna wanuyo. Bisani nsapato zake ngati kuli kofunika. Akakwiya, mumuuze kuti ndalamula ndine. Akalira, musiyeni alire, koma pakhomo asatuluke. Mayi ake sangathe kumuletsa ali kuno, ndipo ine Lolemba likadutsa sindikudziwa kumene ndidzakhale ndili. Ndilibe wina woti ndimutume.

Manase, mupereke moni kwa Violet, mumuuze kuti agogo ake akuti alimbikire masamu. Mayi anu akupereka moni. Iwo ndawauza kuti ndikupita ku Boma kukakonza za penshoni, ndipo mukamawalembera musawauze zosiyana ndi zimenezo. Mbale wanga Ambokile walonjeza kuwathandiza kukolola mpunga. Mulungu wa mtendere akusungeni nonse atatu pamodzi, m'nyumba imodzi.

Ndatha ine bambo wanu, ndi mpongozi wanu amene sanakuthokozenipo ndi pakamwa pake,

Yotamu Z. Mwafongo.